Nkhoswe yosakwatira: atsogoleri a mayiko amene alamulira opanda banja

Mwezi wa Juni ku Mzuzu kuno kumazizira moti ngakhale nkhani zandale anthu amakambira pa mbaula. Tsiku lina madzulo tinali ku Chibavi pa msonkhano wokonzekera chinkhoswe cha m'bale wathu. Titamaliza kuwerengera nkhuku ndi matumba a mpunga wa ku Karonga, macheza anakhotera kwa mnyamata wina wa m'dera lathu amene akuti akufuna kudzapikisana nawo pa ukhansala. Ndi wophunzira, mowa salawa, ndipo ndi iye amene anasonkhanitsa anzake kukonza kamlatho kathu madzi atakakokolola. Koma malume anga anangopukusa mutu. "Ayambe wapeza banja ameneyo. Munthu wosadziwa kulira kwa mwana usiku angasamale bwanji anthu a wadi yonse?"

Mayi anga aakulu, amene nthawi yonseyi ankangosankha nyemba pa lichero, anadzutsa mutu. "Achimwene, ine ndinavina pa Mzuzu Stadium zaka zambirimbiri nditavala nsalu ya nkhope ya munthu amene sanakwatirepo. Inu munali pomwepo, mukuomba m'manja."

Mawu amenewa akundizungulirabe m'mutu, chifukwa akukumbutsa chinthu chimene Amalawi timachiiwala msanga. Pa zaka zoposa 60 chilandirireni ufulu mu 1964, zaka zoposa theka tatsogoleredwa ndi mwamuna amene analibe mkazi wa ukwati kunyumba ya boma. Komabe ukafunsa pa depoti ya mabasi kapena mumsika wa Zigwagwa, ambiri adzakuuza motsimikiza kuti mbeta singalamulire dziko, ena mpaka kunena kuti malamulo amaletsa.

Malamulo saletsa. Gawo 80 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limati wofuna upulezidenti akhale nzika ya Malawi mwa kubadwa kapena mwa makolo, ndipo akhale atakwanitsa zaka 35. Pali zina zimene zingamulepheretse munthu, monga misala kapena milandu ikuluikulu imene anamangidwa nayo, koma za ukwati mulibemo. Udindo wa Mayi wa Fuko umene timautchula tsiku ndi tsiku nawonso si ofesi yokhazikitsidwa ndi malamulo amenewa. Ndi mwambo chabe. Choncho nkhani yonseyi ili m'mitima mwathu ndi m'zikhalidwe zathu, ndipo ndi komweko kumene tiyenera kuifufuza.

Tiyambe ndi Kamuzu, poti ndiye mwini nkhani. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo anabwera yekha. Ku London anali pa ubwenzi ndi mayi wina wachingelezi, Merene French, amene ankagwira ntchito pa chipatala chake. Mwamuna wa mayiyu anatchula Banda pa mlandu wothetsa banja mu 1953, chaka chomwe Banda anasamukira ku Ghana. Mayiyo anamutsatira kumeneko, koma ku Nyasaland sanabwere naye. Kuchokera apo mpaka imfa yake ku Johannesburg mu Novembala 1997, Kamuzu sanamangepo ukwati umene Amalawi anauona.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti umbeta wake sanaubise ngati chilema. Anausandutsa mpando. Anadzitcha nkhoswe yoyamba ya amayi onse a m'Malawi, ndipo amayiwo anawatcha mbumba yake. Mchewa aliyense amadziwa kulemera kwa mawu awiriwa. Kwathu kwa Achewa, mphamvu ya mwamuna pa mudzi sichokera kwa mkazi amene wakwatira. Kumene wakwatirako ndi mkamwini, mlendo amene akhoza kunyamula mkeka wake tsiku lililonse. Mphamvu yake ili kwawo, pa alongo ake ndi ana awo, amene ndiwo mbumba yake. Iye ndiye amaimira mbumbayo pa milandu, pa maliro ndi pa maukwati. Ufumu nawo sudutsa kwa mwana wa mfumu, umapita kwa mwana wa mlongo wake. Ndiye munthu atha kukhala mwini mbumba wamphamvu ngakhale m'nyumba mwake mulibe mkazi. Kamuzu anatenga mwambo wa pamudzi umenewu n'kuukuza kuti ukwane dziko lonse, ndipo amuna okwatira anasanduka ngati akamwini m'dziko lawo lomwe: mkazi akaitanidwa kukavina, mwamuna analibe pakamwa pokanizira.

Kuno kumpoto mwambowu unali wachilendo. Pakati pa Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka ambiri, mwamuna amapereka malowolo, mkazi amapita kwa mwamuna, ana ndi a bambo, ndipo ufumu ngati wa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa umatsata mzere wa bambo. M'chikhalidwe chotere mfumu yopanda mkazi ndi nkhawa yeniyeni, chifukwa funso la wodzalowa ufumu limakhala lopanda yankho. Ife Achewa okhala mu mzinda uno tatengera zambiri kwa anansi athu, ndipo ndikuganiza kuti malume anga polankhula tsiku lija ankalankhula ndi malilime awiri osazindikira: la tchalitchi ndi la kumpoto kuno. Koma amayi a ku Mzimba, Rumphi ndi Karonga anavina chimodzimodzi ndi a ku Kasungu. Nkhoswe yosakwatirayi inafika mpaka pokhazikitsa lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi.

Mpando wa mkazi wa mtsogoleri sunakhale wopanda munthu. Cecilia Tamanda Kadzamira, namwino amene anayamba kugwira ntchito pa chipatala cha Banda ku Limbe mu 1958, ndiye anaukhala. Boma linamupatsa dzina la mayi wolandira alendo a boma, anthu n'kumangoti Mama. Ankayenda naye maulendo onse, ankatsogolera bungwe la Chitukuko Cha Amayi M'Malawi limene linayamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo Ngwazi itakalamba, wofuna kuonana nayo ankadziwa khomo loyenera kugogoda. Malume ake a Mama, John Tembo, anali gavanala wa banki yaikulu ya dziko lino kuyambira 1971 mpaka 1984, kenako nduna ya mu ofesi ya pulezidenti. Mu Okutobala 1993 Kamuzu atapita kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa, dziko linasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: Gwanda Chakuamba, Robson Chirwa ndi Tembo yemweyo. Munthu amene analibe apongozi anapezeka kuti wazunguliridwa ndi banja lamphamvu kuposa apongozi alionse amene dziko lino laonapo.

Apa ndi pamene ndikuona kuti pagona nkhani. Tisanapitirire, tione kaye kumene mantha oopa mtsogoleri wosakwatira anachokera.

Gwero loyamba ndi ufumu wa magazi. Mfumukazi Elizabeth yoyamba ya ku England inalamulira kuyambira 1558 mpaka 1603 osakwatiwa, ndipo nyumba ya malamulo inaichonderera kangapo kuti ipeze mwamuna. Sikuti ankakayikira nzeru zake. Ankaopa nkhondo yolimbirana mpando ikadzamwalira yopanda mwana. Itamwalira, ufumu unapita kwa James, mfumu ya ku Scotland, ndipo mzere wa banja la Tudor unathera pomwepo. M'dziko la mavoti mantha amenewa alibe malo, poti wolowa m'malo amatchulidwa ndi malamulo. Ife tinaziona mu Epulo 2012: Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5, nduna zina zinayesa kutsekereza wachiwiri wake, koma pa 7 Joyce Banda analumbiritsidwa monga malamulo anenera.

Ku Botswana mbali ziwirizi zinakumana mwa munthu mmodzi. Ian Khama anali pulezidenti kuyambira 2008 mpaka 2018 ndipo sanakwatirepo, koma ndi mfumunso ya mtundu wa Bangwato. Pa upulezidenti vuto panalibe, zaka khumi zitakwana anasiyira Mokgweetsi Masisi. Pa ufumu wa kwawo ndi pamene akuluakulu ankafunsa za mkazi ndi mwana. Mbiri ya banja limeneli ndi yokhudza mtima. Bambo ake, Seretse Khama, anakwatira mzungu Ruth Williams ku London mu 1948, ndipo chifukwa cha ukwati umenewu boma la Britain, poopa kukwiyitsa boma la tsankho la South Africa, linawaletsa kukhala kwawo mpaka 1956. Bambo anavutika chifukwa chokwatira, mwana ananenedwa chifukwa chosakwatira.

Gwero lachiwiri ndi tchalitchi, ndipo mu mzinda uno, momwe muli likulu la Sinodi ya Livingstonia ndi mipingo pa ngodya iliyonse, ili ndilo lamphamvu. Anthu amatchula kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo, mutu 3, pamene akuti woyang'anira mpingo akhale mwamuna wa mkazi mmodzi, wodziwa kuyendetsa nyumba yake, poti wolephera nyumba yake sangasunge mpingo. Mawuwa akunena za mpingo, koma ife tawasamutsira ku boma. Paulo yemweyo, amene analibe mkazi, analembera Akorinto pa mutu 7 kuti wosakwatira mtima wake sugawikana. Ndipo Akatolika amene amapemphera pa St Peter's amatsogoleredwa ndi ansembe ndi abishopu osakwatira, amene amayendetsa masukulu ndi zipatala popanda wina kuwafunsa za kulira kwa mwana usiku. Kamuzu mwini wake anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Gwero lachitatu ndi laling'ono: ndani alandire alendo? James Buchanan, pulezidenti yekhayo wa America amene sanakwatirepo moyo wake wonse, analamulira kuyambira 1857 mpaka 1861, ndipo ntchito yolandira alendo ankagwira ndi mwana wa mlongo wake, Harriet Lane. Nelson Mandela analowa m'boma mu 1994 atapatukana kale ndi Winnie, ukwatiwo unatha ku khoti mu 1996, ndipo ana ake aakazi ndiwo ankamuperekeza pa zochitika zina mpaka pamene anakwatira Graça Machel mu Julayi 1998, tsiku limene ankakwanitsa zaka 80. Ili ndi vuto lotha ndi mawu amodzi.

Nanga umbeta umatiuza chiyani za khalidwe la mtsogoleri? Ine ndafufuza ndipo sindikupezapo kanthu. António Salazar wa ku Portugal sanakwatirepo, ankakhala moyo wosalira zambiri ngati wansembe, koma analamulira ndi dzanja lachitsulo kuyambira 1932 mpaka 1968, ndipo nkhondo imene anansi athu a ku Mozambique anayamba mu 1964 ankamenyana ndi boma lake. Ku India, pakati pa 2002 ndi 2004, dziko la anthu oposa biliyoni imodzi linali ndi nduna yaikulu yosakwatira, Atal Bihari Vajpayee, komanso pulezidenti wosakwatira, Abdul Kalam, nthawi imodzi. Vajpayee atagonja pa chisankho cha 2004 anatula pansi udindo mwamtendere. Edward Heath anatsogolera Britain kuyambira 1970 mpaka 1974, Benigno Aquino wachitatu anatsogolera Philippines kuyambira 2010 mpaka 2016, Mark Rutte anakhala nduna yaikulu ya Netherlands zaka pafupifupi 14 mpaka 2024. Onsewa anali osakwatira. Ena mwa awa anachita bwino, ena anakhumudwitsa, monga momwe zilili ndi okwatira.

Pali anthu ena, makamaka achinyamata amene ndimacheza nawo ku Luwinga, amene amatembenuza nkhaniyi. Iwo amati mbeta ndiye yabwino, chifukwa ilibe mkazi wofuna nsapato za ku Dubai, ilibe ana ofuna makontirakiti, ilibe alamu. Amatchula Grace Mugabe, amene kulakalaka kwake mpando kunathandiza kugwetsa mwamuna wake mu Novembala 2017. Mfundoyi imakoma m'khutu, koma South Korea inaiyesa ndipo inapsa nayo. Park Geun-hye anali mwana wa pulezidenti. Mayi ake ataphedwa ndi chipolopolo mu 1974, iye ali ndi zaka 22 anatenga ntchito ya Mayi wa Fuko pambali pa bambo ake, mpaka nawonso anaphedwa mu 1979. Sanakwatiwe. Pokopa anthu mu 2012 ankanena kuti alibe banja loti alilemeretse, banja lake ndi dziko. Anthu anamukhulupirira n'kumusankha kukhala pulezidenti. Patapita zaka zinayi zinaululika kuti mnzake wapamtima wa zaka pafupifupi 40, Choi Soon-sil, munthu wopanda udindo uliwonse m'boma, ankakonza zolankhula za pulezidenti ndi kukakamiza makampani akuluakulu ngati Samsung kupereka ndalama ku mabungwe amene iye ankawalamulira. Khoti linachotsa Park pa mpando mu Malichi 2017, anapita kundende, ndipo anakhululukidwa kumapeto kwa 2021.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe mtsogoleri amene amagona ndi kudzuka yekha m'maganizo. Aliyense ali ndi munthu amene amamva mawu ake omaliza usiku zitseko zitatsekedwa. Akakhala mkazi kapena mwamuna wa ukwati, dziko limamudziwa dzina, ndipo malamulo athu aakulu amalamula pulezidenti ndi nduna kuulula chuma chawo pamodzi ndi cha akazi kapena amuna awo. Akakhala bwenzi, namwino, mlongo kapena mlonda, amakhala mumthunzi, ndipo kumulozera chala n'kovuta. Choncho funso loti "ali pabanja?" ndi lopepuka kwambiri. Lolemera ndi lakuti ndani ali ndi khutu la mtsogoleriyu, amadya ndalama za ndani, ndipo akalakwa amayankha kwa yani.

Anthu a mu Mzuzu sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi a ku Korea. Mayi Ethel Mutharika atamwalira mu Meyi 2007, Bingu anatsala wamasiye, ndipo ali choncho anapambana chisankho cha 2009 ndi mavoti ochuluka zedi, kumpoto kuno kukumupatsa ndi manja awiri. Palibe amene anati dziko lapendekeka chifukwa chosowa Mayi wa Fuko. Mu Epulo 2010 anakwatira Callista Chimombo pa ukwati waukulu ku Lilongwe. Posakhalitsa zinamveka kuti Mayi wa Fuko akulandira malipiro a boma pa ntchito ya uchembere wabwino, ndipo nkhaniyi inalowa m'chikalata cha madandaulo a zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamodzi ndi kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja. Anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'dziko muno masiku amenewo, pafupifupi theka la iwo mu mzinda uno, ndipo ena tinakawaika ku manda a Zolozolo. Sindikunena kuti ukwati ndiwo unabweretsa imfazo, zifukwa zinali zambiri ndipo zikuluzikulu zinali za chuma ndi ulamuliro. Ndikunena kuti Bingu amene anthu anamukonda anali wamasiye, ndipo Bingu amene anamukwiyira anali pabanja. Mng'ono wake Peter naye anapambana mu Meyi 2014 ali wopanda mkazi wa ukwati, n'kukwatira Gertrude Maseko mwezi wotsatira.

Pali mbali imodzi imene imandipweteka kwambiri, ndipo ndi yokhudza amayi. Mwamuna wosakwatira timamuseka pang'ono, kenako timati ndi wodzipereka pa ntchito. Mkazi wosakwatiwa sitimusiya. Julia Gillard, amene anatsogolera Australia kuyambira 2010 mpaka 2013, ananenedwa poyera ndi phungu wina kuti sayenera utsogoleri chifukwa anasankha dala kusabereka. Tsai Ing-wen wa ku Taiwan, dziko limene linatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu ubale wathu usanathe pamene Malawi inatembenukira ku China kumapeto kwa 2007, atangolowa m'boma mu 2016 analembedwa m'nyuzipepala ya boma la China kuti ndale zake ndi zaukali chifukwa alibe mwamuna kapena ana. Nkhaniyo inachotsedwa anthu atakwiya, ndipo mayiyu analamulira zaka zisanu ndi zitatu, atasankhidwa kawiri. Eugenia Charles anatsogolera chilumba cha Dominica zaka 15, kuyambira 1980 mpaka 1995, osakwatiwa.

Kwathu kuno pulezidenti wamkazi mmodzi amene takhala naye anali ndi mwamuna wolemekezeka pambali pake, Richard Banda wa ku Nkhata Bay, amene anakhalapo mkulu wa oweruza milandu. Ngakhale zinali choncho, Joyce Banda ananyozedwa ndi mawu amene mwamuna sanyozedwa nawo. Ndimadzifunsa kuti akanakhala kuti atachoka m'banja lake loyamba, limene iye mwini amanena poyera kuti linali lankhanza, sanakwatiwenso, kodi chipani chilichonse chikanamuika pa chikalata cha voti? Mayi wosakwatiwa akaimirira pa msonkhano wandale, mawu oyamba kuchokera kumbuyo kwa gulu amakhala akuti hule. Ndawamvapo ndi makutu anga pa bwalo lina la sukulu mu mzinda uno, ndipo ena mwa okuwawo anali amayi anzake. Tikutaya aphunzitsi, anamwino ndi amalonda ambiri anzeru amene akanatha kuyendetsa makhonsolo athu, chifukwa amadziwa chimene chikuwadikira akangokwera pa nsanja.

Madzulo aja ku Chibavi, malume anakhala chete kanthawi, akusonkhezera makala. Kenako anavomera kuti mnyamata uja atha kumuganizira, bola aone anthu amene amayenda nawo ndi amene akumupatsa ndalama za kampeni. Mayi aakulu anapitiriza kusankha nyemba zawo. Msuweni wanga, amene akuphunzira za unamwino ndipo wakana kale amuna awiri, anafunsa ali chogwada pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja: "Nanga amalume, akanakhala kuti ndi mtsikana wosakwatiwa amene akufuna ukhansalawo?"

Malume anasamba m'manja, n'kukutumula madzi. "Ameneyo ndiye tisayambe n'komwe, mwanawe."